Piyano ya pa browser: zimene wopanga pulogalamu ayenera kulimbana nazo

M'mipingo yambiri ya mu Zomba muno, kaya ndi ku Chinamwali, ku Matawale kapena ku Sadzi, kiyibodi imakhala imodzi, woimba wakenso mmodzi. Iyeyo akadwala kapena akapita kumaliro kwawo, kwaya imaimba popanda limba. Achinyamata ofuna kuphunzira ndi ambiri, aphunzitsi a piyano ndi owerengeka, ndipo chida chomwecho chimakhala chokiyidwa kuyambira Lolemba mpaka tsiku la pulakatisi. Ndiye sizodabwitsa kuti wachinyamata wodziwa kulemba mapulogalamu, mwina wophunzira wa ku Chanco amene akuchita lendi ku Chikanda, angaganize zopanga tsamba la pa intaneti loti munthu azingolitsegula pa Chrome n'kuyamba kuphunzira.

Ganizoli ndi lomveka. Tsamba silifuna kuti munthu apite ku Play Store, limayenda ngati link pa WhatsApp, ndipo limagwira pa foni ndi pa laputopu pomwe. Kujambula makiyi oyera ndi akuda pa sikirini ndi ntchito ya madzulo amodzi. Chovuta n'chakuti pulogalamuyo imve zimene wophunzira waimba, izimve pa nthawi yake, kenaka iweruze molungama. Ndipo kuweruzako kumadalira kuti wopangayo akuganizira wophunzira uti. Mapulogalamu otchuka ngati flowkey, Skoove ndi Simply Piano anapangidwira munthu amene ali ndi chida kunyumba, intaneti yosadukiza ndi khadi la banki lolipirira kunja. Mnyamata wa m'kwaya amene amagwira kiyibodi ola limodzi Loweruka ndi munthu wina.

Mmene pulogalamu imamvera

Njira yapafupi ndi yoti wophunzira azidina pa sikirini. Pamenepa browser, pulogalamu yotsegulira masamba monga Chrome, imadziwa bwino pomwe chala chagunda, koma chomwe munthuyo akuphunzira si piyano. Piyano yathunthu ili ndi makiyi 88, oyera 52 ndi akuda 36, ndipo kuchoka pa do mpaka pa do wapamwamba pali mtunda wa masentimita pafupifupi 16 ndi theka. Foni wamba yonse, mukaigoneka cham'mbali, imalekezera chapomwepo. Mukapanikiza makiyi ambiri pa sikirini yotere, zala zimazolowera mipata yabodza. Mabatani a laputopu nawo ali ndi vuto lawo: ambiri sanapangidwe kuti azilandira mabatani angapo nthawi imodzi, choncho ukadina atatu ena ake pamodzi, limodzi limasowa, wophunzira n'kumaona ngati walakwa ndi iyeyo.

Njira yabwino koposa ndi MIDI. Ili ndi pangano limene opanga zida zoimbira anagwirizana mu 1983, motsogozedwa ndi Dave Smith wa ku America ndi Ikutaro Kakehashi wa kampani ya Roland ku Japan, kuti zida za makampani osiyana zizimvana. MIDI situmiza mawu. Imatumiza nambala. Ukadina C wapakati, chingwe chimanyamula kauthenga kakang'ono konena kuti kiyi nambala 60 yadinidwa ndi mphamvu yakutiyakuti, mphamvuyo ikuyezedwa kufika pa 127. Ukachotsa chala, pamapita uthenga wina. Kiyi yotsikitsitsa ya piyano ndi 21, yokwera kwambiri ndi 108, ndipo chopondera chotalikitsa mawu chili ndi nambala yake, 64. Pulogalamu sivutika kulosera chilichonse, imangowerenga.

Chrome inayamba kulola masamba kulankhula ndi zida za MIDI mu 2015, Firefox inatsatira kumapeto kwa 2022. Safari, browser ya Apple, mpaka pano ilibe, ndipo pa iPhone ngakhale Chrome imayendera injini ya Safari yomweyo, ndiye njirayi ndi yotseka. Kwa ife kuno vutoli ndi laling'ono chifukwa mafoni ambiri ndi a Android, a Itel, Tecno ndi Samsung, ndipo pa Android zimatheka. Chofunika ndi chingwe cha USB chonga cha printer ndi kachidutswa kolumikizira kotchedwa OTG. Mukayang'ana kumbuyo kwa makiyibodi ambiri a Yamaha PSR mupeza kabowo kolembedwa USB TO HOST, ndi komweko. Akale ali ndi mabowo ozungulira a mano asanu, omwe amafuna chingwe china chodulirapo. Ndiye palinso makiyibodi otchipa opanda kabowo kalikonse ka MIDI, ndi ena amene ngakhale ali nako, samasiyanitsa kudina pang'ono ndi kumenya mwamphamvu. Pulogalamu imene ikuphunzitsa kuimba motsitsa ndi mokweza iyenera kuzindikira chida chotere n'kusiya kudzudzula wophunzira pa zimene chida chake sichingathe.

Popanda MIDI, yatsala maikolofoni, ndipo apa ndi pamene mutu umawawa. Noti iliyonse ndi kunjenjemera kwa mpweya: A wa pamwamba pa C wapakati amanjenjemera ka 440 pa sekondi. Koma waya wa piyano sutulutsa liwu limodzi loyera. A wa 220 amabwera ndi timawu tina ta 440, 660, 880 ndi kupitirira. Ndiye pulogalamu ikamva 440, iyenera kudzifunsa ngati wophunzira wadina A wapamwamba kapena ndi kamwana chabe ka A wam'munsi. Pa noti imodzi imodzi pali njira zodziwika zomwe zimagwira bwino, monga yotchedwa YIN ya mu 2002. Pa manoti atatu kapena anayi oimbidwa pamodzi, timawu tija timalowererana, ndipo apa pamafunika nzeru za makina zophunzitsidwa ndi nyimbo zambiri. Kampani ya Spotify inatulutsa pulogalamu ya ulere yotchedwa Basic Pitch mu 2022 yomwe imatha kuyenda m'browser, koma foni ya RAM yochepa imatentha nayo n'kuyamba kukoka miyendo.

Pali kuchenjera kumene kumapeputsa ntchitoyi. Pulogalamu ikudziwa kale noti zimene wophunzira ayenera kuimba pa mphindi imeneyo, choncho m'malo mofunsa kuti "kodi waimba chiyani?" imangofunsa kuti "kodi C, E ndi G zamveka?" Funso lachiwirili ndi losavuta, ngakhale limalekerera zolakwa zina, monga chala chokhudza kiyi yoyandikana. Kenaka pali msampha umene oyamba kumene amagwamo kawirikawiri. Browser ikatsegula maikolofoni, imayatsa zosefa zopangidwira kuyankhulana pa foni, zochotsa phokoso ndi zosintha kukwera kwa mawu. Zosefazi zimatenga liwu lotalika la piyano ngati phokoso n'kulidula. Wopanga pulogalamu ayenera kuzithimitsa mwadala. Akazithimitsa, maikolofoni imamva zonse: jenereta ya panja, ana a Sande sukulu, ndi mvula ya mu Januwale ikamamenya malata. Wokhala m'munsi mwa phiri lino akudziwa kuti mvula yotereyo ikayamba ngakhale mlaliki sakumveka.

Nkhani ya nthawi

Pakati pa kudina kiyi ndi kumva liwu pamapita kanthawi. Kanthawiko kamayezedwa mu mamilisekondi, magawo 1,000 a sekondi imodzi. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, choncho munthu wokhala pa benchi yakumbuyo, mamita 30 kuchoka pa ng'oma, amaimva itachedwa ndi mamilisekondi pafupifupi 90. N'chifukwa chake akumbuyo amaomba m'manja motsalira pang'ono. Tsono tangoganizani kuchedwa kotereku kuli pakati pa chala chanu ndi khutu lanu. Woimba amayamba kudodoma, kenaka amachedwetsa nyimbo osadziwa chifukwa chake.

Pa mafoni ena otchipa, kuchedwa kwa mawu kumafika pamenepo. Mahedifoni ndi masipika a Bluetooth amawonjezera mamilisekondi oposa 100, ndiye pulogalamu yabwino iyenera kuchenjeza wophunzira kuti agwiritse ntchito a chingwe. Ngati kiyibodi ili ndi masipika ake, chanzeru n'chakuti pulogalamu isatulutse n'komwe liwu la piyano. Kiyibodi ilire yokha, foni ingomvetsera ndi kuwerenga. Komanso wophunzira asanayambe phunziro loyamba, apatsidwe kayeso kakang'ono: adine kiyi imodzi motsatira kugunda kakhumi, pulogalamu iyeze kuti foni imeneyo imachedwa bwanji, n'kumachotsera kuchedwako pa kuweruza konse. Popanda kayesoka, mwana woimba pa nthawi yake amauzidwa tsiku lililonse kuti wachedwa, mpaka amagwa ulesi.

Wotchi ya pulogalamu ndi nkhani ina. JavaScript, chiyankhulo cha masamba a intaneti, imagwira ntchito zake motsatizana pa mzere umodzi. Mukaiuza kuti igunde pakatha theka la sekondi, koma panthawiyo ili kalikiliki kujambula manoti, kugundako kumadikira. Metronome, kachida kogunda mofanana kuti woimba asunge nthawi, ikapangidwa motere imatsimphina. Mwayi wake, browser ili ndi gawo la mawu lotchedwa Web Audio, lomwe bungwe loika miyezo ya masamba a intaneti la W3C linalivomereza kukhala muyezo mu 2021, ndipo gawoli lili ndi wotchi yakeyake yosasokonezedwa. Odziwa ntchito amayang'ana patsogolo pang'ono n'kulembetseratu pa wotchi imeneyo kugunda kulikonse nthawi yake isanakwane. (Mukadabwa chifukwa chake masamba oterewa amayamba ndi batani loti "Yambani", n'chifukwa chakuti ma browser salola tsamba kutulutsa mawu munthu asanalikhudze. Lamuloli linabwera pofuna kuletsa malonda ongobwebweta okha.)

Pamene pulogalamu ikuyenera kutulutsa yokha liwu la piyano, funso ndi lakuti liwulo lichokere kuti. Lomveka bwino ndi lojambulidwa pa piyano yeniyeni, kiyi iliyonse payokha. Tiwerengere limodzi. Mawu a mulingo wa CD amadya pafupifupi 10 MB pa mphindi. Makiyi 88, iliyonse masekondi khumi, ndi pafupifupi 150 MB, ndipo apo n'kuti mwajambula kadinidwe ka mtundu umodzi wokha. Palibe angawononge bandulo yotere chifukwa cha do re mi. Ndiye opanga amajambula kiyi imodzi pa makiyi atatu alionse, zapakatizo n'kumazipanga pokweza kapena kutsitsa liwu la yoyandikana nayo, kenaka zonse n'kuzifinya kukhala MP3 mpaka zitatsala ma MB ochepa. Mawu a ulere otchedwa Salamander Grand Piano, omwe ambiri amagwiritsa ntchito, anajambulidwa mwa njira yodumphadumpha yomweyi pa piyano ya Yamaha C5. Chomwe ambiri amaiwala n'chakuti browser ikamakonzekera kuliza MP3 imaifunyulula yonse mu RAM, ndipo kafayilo kakang'ono kaja kamatupa kangapo. Pa laputopu ya wopangayo sizioneka. Pa foni ya 1 GB tsamba limangodzitsekera.

Za intaneti yodukaduka yankho lilipo kale. Tsamba likhoza kukhala ndi kapulogalamu kotchedwa service worker kamene kamasunga zonse m'foni ulendo woyamba, kuti mawa litseguke ngakhale bandulo yatha kapena netiweki yathawa. Kuno chimenechi si chokometsera. Tsamba lofuna intaneti pa phunziro lililonse lidzatsegulidwa kamodzi basi.

Manotsi ati?

Apa ndi pamene ine ndimasiyana maganizo ndi mapulogalamu ambiri akunja. Iwo amaonetsa nyimbo m'njira ziwiri. Yoyamba ndi ya mizere isanu, ya staff, imene amagwiritsa ntchito m'mayeso a nyimbo ndi ku dipatimenti ya zaluso ku yunivesite. Zida zojambulira staff m'browser zilipo zaulere, monga VexFlow ndi OpenSheetMusicDisplay, ndipo nyimbo zimasungidwa m'mafayilo a MusicXML. Yachiwiri ndi ya timizere tamitundu togwa kuchokera pamwamba kudzatera pa kiyi yoyenera, imene pulogalamu ya Synthesia inaitchukitsa ndipo yadzaza pa YouTube. Imeneyi imasangalatsa, munthu amaimba kanyimbo tsiku loyamba. Koma imaphunzitsa maso kuthamangitsa mitundu. Mukazimitsa sikirini, nyimbo yapita nayo.

Chonsecho m'makwaya athu muli kale njira yachitatu, ndipo anthu ambiri amaiwerenga bwinobwino. Manotsi a d r m f s l t anayambitsidwa ndi Sarah Glover wa ku Norwich, n'kukonzedwa ndi kufalitsidwa ndi John Curwen kuyambira m'ma 1840. Kuno anafika ndi amishonale, kuphatikizapo a ku Scotland amene anatsegula mishoni ya Blantyre mu 1876 ndi ya Domasi mu 1884. Mpaka lero mphunzitsi wa kwaya amalemba pa bolodi mizere inayi, ya sopulano, alito, tena ndi besi, timadontho tiwiri tikulekanitsa kugunda, kadontho kamodzi kakugawa kugundako pakati, kamzere kakutalikitsa noti. Mtsikana amene waimba alito zaka zisanu akudziwa kale mmene fa amamvekera pambuyo pa do. Chimene sakudziwa ndi pomwe fa ali pansi pa chala chake. Kumuyambitsa ndi staff n'kumubwezera ku sitandade wani pa phunziro limene analikhoza kale.

Ku mbali ya pulogalamu, manotsi ndi opepuka chifukwa ndi zilembo chabe. Chovuta chawo n'chakuti do amasuntha. Nyimbo ikakhala mu G, do ndi G. Ikakhala mu F, do ndi F. Pulogalamu iyenera kudziwa kiyi ya nyimbo kuti isandutse nambala ya MIDI kukhala chilembo choyenera, idziwenso manoti apakati ngati fe, se ndi ta, komanso chochita nyimbo ikasintha kiyi pakati. Zonsezi zimatheka, kungoti wopangayo adzazilemba yekha, poti zida zokonzeratu zomwe zilipo zinapangidwira staff. Staff ibwere pambuyo pake, ili pambali pa manotsi, kuti wofuna kupita patali asatsekeredwe njira.

Kusuntha kwa do kukutifikitsa pa batani lija aliyense woimba m'tchalitchi amalidziwa, la transpose. Oimba ambiri anaphunzira kiyi imodzi yokha. Wotsogolera nyimbo akayamba pamwamba, iwo amangodina batani mpaka chida chigwirizane naye, zala zili pomwe zinazolowera. Ena amanyoza khalidweli, koma lapulumutsa mapemphero ambiri. Kwa wopanga pulogalamu, batanili ndi msampha, chifukwa makiyibodi ena amatumiza nambala ya kiyi yomwe yadinidwa, ena amatumiza nambala yosunthidwa kale. Kiyibodi ikasiyidwa pa transpose Lamulungu, wophunzira wa Loweruka adzalakwa noti iliyonse. Mankhwala ake ndi osavuta: poyamba penipeni pulogalamu ipemphe kuti "dinani C wapakati", ndipo ikalandira nambala ina osati 60, inene. Kupitirira apo, pulogalamu yabwino ndi yomwe ingatenge nyimbo imodzi yomwe wophunzira akuidziwa n'kumuyendetsa nayo mu C, G, F, D, pang'onopang'ono, mpaka batani lija litasiya kukhala ndodo yake.

Kuweruza ndi gawo limene limaoneka laling'ono koma ndi lomwe limasunga kapena kuthamangitsa wophunzira. Woyamba kumene amafunika pulogalamu yodikira, yosasuntha mpaka atapeza kiyi yoyenera. Akazolowera, nyimbo iziyenda yokha, mpata wololedwa kuchedwa kapena kufulumira uzichepa pang'onopang'ono. Pa ma chord, manoti angapo oimbidwa pamodzi, pamafunika kusamala kwina. Woimba wa m'tchalitchi saimba zolembedwa noti ndi noti, amamva nyimbo n'kuikira chord ya do, ya fa kapena ya so. C, E, G ndi manambala 60, 64, 67. E, G, C ndi 64, 67, 72. Pulogalamu yongofananiza manambala idzati wachiwiriyo walakwa, pomwe ndi chord yomweyo yotembenuzidwa. Mukagawa nambala iliyonse ndi 12, zotsala zake ndi 0, 4 ndi 7 konsekonse, ndipo kuweruza kwa ma chord kuyenera kuyambira pamenepo. Kamasamu kakang'ono kameneka ndi kamene kamasiyanitsa pulogalamu yophunzitsa kuperekeza kwaya ndi yongoloweza nyimbo.

Pali zimene MIDI singaone. Sidziwa kuti ndi chala chiti chadina kiyi. Wophunzira akhoza kuimba sikelo yonse ndi chala chamkombaphala chokha n'kupatsidwa nyenyezi zisanu. Siona dzanja louma, mapewa okwera, kapena mpando wotsika umene udzamupweteketse msana. Kamera ingathandizeko, ndipo pali zida monga MediaPipe ya Google zimene zimatsata mfundo 21 za dzanja, koma zimafuna foni yamphamvu yopachikidwa pamwamba pa makiyi, m'chipinda chowala bwino. Ine ndikuona kuti n'kwabwino kuvomereza malire amenewa n'kumanga pulogalamu yothandiza mphunzitsi m'malo momuchotsa. Zonse zomwe wophunzira waimba zikhoza kusungidwa ngati fayilo ya MIDI ya ma KB ochepa, n'kutumizidwa pa WhatsApp kwa woimba limba wa pa mpingo kapena mphunzitsi wa ku Blantyre, limodzi ndi kavidiyo kafupi koonetsa manja.

Ndiye pali masiku asanu ndi limodzi aja opanda chida. Mapulogalamu akunja sawaganizira chifukwa kwao kulibe vutolo. Apa ndi pamene sikirini ya foni, yomwe singalowe m'malo mwa piyano, imakhala ndi ntchito: kumva noti n'kunena ngati ndi mi kapena so, kumva chord ikusintha n'kulosera yotsatira, kugogoda kayendedwe ka nyimbo ndi chala, kuloza pomwe do ali mu kiyi iliyonse. Zimenezi munthu angachite ali mu minibasi ya ku Thondwe, ola la Loweruka lija n'kukhala la zala zokhazokha. Poti foni imodzi ikhoza kutumikira ophunzira anayi, pulogalamu ilole maina angapo popanda kufunsa imelo. Ikhalenso ndi njira yotulutsira mbiri ya wophunzira, chifukwa zosungidwa m'browser zimafufutika mwini foni akangoganiza zopepuza memori.

Chotsiriza ndi nyimbo zenizenizo. Nyimbo zakale za m'mabuku a mipingo, zomwe olemba ake anamwalira kalekale, nthawi zambiri zimakhala zaulere kugwiritsa ntchito, ngakhale mawu omasuliridwa kapena kakonzedwe katsopano kangakhale ndi mwini. Nyimbo za oimba a masiku ano, zomwe achinyamata akufunitsitsa kuziimba, zili ndi eni ake, ndipo lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limawateteza. Wofuna kuziika m'pulogalamu ayenera kupeza chilolezo, ndipo khomo logogoda ndi la COSOMA, bungwe loona za umwini wa zaluso, kapena la woimbayo. Chilolezo chikapezeka, ntchito yaikulu imakhala isanayambe. Nyimbo zathu zambiri sizinalembedwepo m'fayilo iliyonse imene kompyuta ingawerenge. Zili m'makope a aphunzitsi a kwaya ndi m'mitu ya oimba. Wina ayenera kukhala pansi ndi makopewo, kulowetsa noti iliyonse, kuika ma chord, kusankha zala, n'kugawa nyimbo iliyonse m'timagawo toti woyamba angathe. Ntchito imeneyo imafuna woimba, ndipo imadya nthawi yochuluka kuposa kulemba pulogalamu yonse.